Gawo Lomaliza la Nkhanu Yachitsulo

Ine bodza sindilikonda, chifukwa limafuna munthu wokumbukira, ndipo mutu wanga unadzaza kale ndi za kumsika. Koma limodzi ndinalinena ana anga ali aang'ono, ndipo landitsata zaka makumi awiri ndi zisanu ngati galu amene unamuponyera fupa kamodzi.

Nthawi imeneyo tinkakhala m'nyumba za mdadada, zitseko zisanu ndi chimodzi, mpopi umodzi. Ana ndinali nawo awiri: wamkulu mnyamata, timamutchula Makutu, ndi mlongo wake Masaya. Mainawo musandifunse, mukadzawaona mudzamvetsa nokha. Bambo awo anali atapita kale, ndipo pa zonse zimene anasiya, chogwira ntchito chinali TV yokha, yamsana waukulu, yofuna khofi kumanzere kuti chithunzi chisiye kuthamanga.

Tsiku lililonse la sukulu, folo koloko ikakwana, pa TV pankabwera makatuni a ku Japan, atatu motsatizana. Anthu ake maso ngati mbale, tsitsi losongoka ngati lachinanazi, ndipo asanamenyane ankayamba akuwa dzina la chibakera chawo, mnzawoyo atangoima kudikira. Yoyamba inali ya ana asukulu olimbana ndi zilombo pakati pa tauni, nyumba kugwa lero, mawa zili chilili. Yachiwiri sindinaimvetsepo, mtsikana wake ankangolira mphepo ikuulutsa maluwa. Yachitatu ndi imene inandibweretsera mavuto. Inali ya ana awiri, mnyamata ndi mlongo wake, oyenda pansi pa nyanja m'mimba mwa chinkhanu chachitsulo, kufunafuna bambo awo amene anasowa.

Ndinene chilungamo, makatuni amenewo anandilerera ana. Ine ndimagulitsa mabeseni, ndowa ndi makapu apulasitiki, ndipo ogula ambiri amabwera akaweruka kuntchito. Ndinkakhala pabenchi langa mtima uli m'malo, podziwa kuti awiriwo ali pansi pamkeka, kukamwa yasa. Tinapangana kuti wosasamba saonera, wosatsuka mbale saonera. Makutu ankathamanga kuchokera kusukulu nsapato zili m'manja. Masaya, amene kusamba kunali nkhondo, ankadzithira yekha madzi ozizira. Nyimbo yoyambira ankaiimba yonse m'chinenero chimene ngakhale aphunzitsi awo sankachidziwa, ndipo mpaka lero ndikamasanja mabeseni ndimangopezeka ndikuing'ung'udza.

Ndiye inafika sabata ya gawo lomaliza la Nkhanu. Analengeza kuyambira Lolemba kuti lidzakhala Lachisanu. M'nyumba mwanga munalibenso nkhani ina.

Lachisanulo m'mawa, ana atapita kusukulu, ndinati ndipukute fumbi. Ndinaika kabeseni ka madzi pamwamba pa TV, ndikufinya nsanza, wina n'kugogoda pakhomo. Potembenuka ndinakagunda ndi chigongono. Madzi onse analowa m'timabowo takumbuyo tija. Wokonza anadzandiuza pambuyo pake kuti ndikanaisiya masiku atatu iume, mwina ikanachira. Koma amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine maso a nkhono sindinawaonepo. Ndinaipukuta pamwamba, n'kuyatsa kuti ndione. Inangoti phu, kafungo ka waya wopsa, basi.

Ana atabwera ndinawauza kuti magetsi anabwera ndi mphamvu. Limenelo linali bodza laling'ono, lotsegulira njira.

Pamdadada wonse TV ina inali ya mayi wa khomo loyandikana nafe, ndipo ine ndi iyeyo tinali tisakulankhulana mwezi wachitatu chifukwa cha chingwe choyanikira zovala. Ana anandipempha atagwada. Ndinati aliyense woponda pakhomo paja asadzanditchulenso amayi. Folo koloko inakwana, nyimbo ija n'kuyamba kumveka kudzera kukhoma. Anakhala pansi onse awiri, makutu atagunditsa kukhomako. Kenaka mayi uja anatsitsa mawu, kaya dala kaya ayi.

Sindinathe kuwayang'ana. Ndinatenga chikwama n'kutuluka, ndinazungulira msika osagulitsa kanthu, ndipo pobwera ndinawapeza maso atatupa. Pamenepo pakamwa panga panayenda pokha.

"Pukutani mamina. Ndaonera ine. Pawindo la sitolo yogulitsa ma TV m'tauni, kuyambira poyamba mpaka pomaliza."

Anandikhalira pamiyendo. Ndinawauza kuti nkhanu inafika pachilumba, ana aja anawapeza bambo awo atatsekeredwa m'fakitale ya anthu oipa, nkhanu inathyola chitseko ndi dzanja lake lalikulu lija, bambowo anagwada n'kupepesa chifukwa chosowa nthawi yaitali, onse n'kubwerera kwawo kumene amayi awo ankadikira. Ndinaikamo ndi zokometsera zambiri zimene sindikuzikumbukanso. Anadya bwino tsiku limenelo.

Lolemba Makutu anabwera kusukulu malaya ali magazi, dzino lakutsogolo litathyoka theka. Anamenyana ndi mwana wa telala, amene ankauza anzake kuti bambo aja sanapezeke, kuti anafa kalekale ndipo nzeru zawo n'zimene zinkayendetsa nkhanuyo, yomwe pomaliza inamira populumutsa anawo. Makutu anamuuza kuti amayi ake sanama. Zotsatira zake ndi dzinolo.

Dziko ndi lopapatiza. Mwana wa telala uja anakula, anatsegula malo ometera, n'kukwatira Masaya wanga. Lero ndi mkamwini wanga, bambo wa adzukulu anga atatu. Makutu ndi makaniko, dzino lake likadali theka, anakana kukaikitsa lina. Ndipo zaka zonsezi, tikangokhala pamodzi pachakudya, nkhani ya Nkhanu imadzuka.

"Alamu, nkhanu inamira," amayamba mkamwini.

"Inamira m'mutu mwanu, alamu. Amayi anaonera ndi maso awo."

Ine pamenepo ndimapita kukhitchini kukaona madzi amene sindinatereke.

Lamulungu lina mkamwini anadikira kuti tonse tikhute, kenaka anatulutsa kafulashi m'thumba la malaya n'kukaika pakati pa tebulo, pafupi ndi mchere.

"Magawo onse makumi asanu ndi awiri," anatero. "Mnzanga wina wandipezera. Sabata yamawa, pompano pa amayi, chifukwa pabalaza pawo m'pamene tingakwane. Tidzaonera atatu omalizawo, ana aonenso zimene tinkathamangira ife. Ndipo wonama adzadziwika."

Makutu anangoti, "Zili bwino," osakweza mutu.

Simungamvetse ngati mulibe mwana wamwamuna amene amakukhulupirirani. Makutu amatsutsa madokotala, amatsutsa a nyuzi, koma ndikanena ine kuti kubwera mvula amanyamula ambulera dzuwa likuswa mtengo. Ndinkaona m'maganizo mwanga atakhala pampando wanga wabwino uja, pamaso pa mkazi wake ndi mlamu wake, nkhanu ikumira, iye akutembenuka kundiyang'ana ndi dzino lake lathekalo.

Lachiwiri ndinasiyira benchi mnzanga wogulitsa masipuni, n'kupita kometera kwa mkamwini. Ndi kachipinda kamodzi, mipando iwiri, galasi lalitali long'aluka pakona, ndi zithunzi za mitu ya anthu kukhoma. Ndinamupeza akumeta bambo wina wadazi, amene tsitsi lake lonse silikanadzaza supuni.

"Amayi, takulandirani. Khalani apo, ndimalize."

"Mumalize chiyani? Pamenepo palibe chometa, mukungomusisita."

Wadaziyo anandiyang'anira pagalasi. Atatuluka ndinatseka chitseko ndekha.

"Bambo a ana, ine sindinabwere kudzacheza. Gawo lomaliza lija lisaoneke Lamulungu."

Anayamba kutsuka makina ake ndi kaburashi, pang'onopang'ono. "Chifukwa chiyani, amayi?"

"Chifukwa nkhanu inamira. Mwamva? Inamira. Ine sindinaonere kanthu, ndinapeka. Tsopano nenani chimene mukufuna."

"Amayi, zaka zonsezi ndakhala wabodza ine m'banja muno. Onani apa." Anandionetsa chipsera pachala, pamene dzino la Makutu linalowa. "Ana anga omwe amati adadi amakonda kukokomeza."

"Sindinafunse mbiri ya chala chanu. Nenani."

Anaganiza, kapena ananamizira kuganiza. "Ana. Loweruka lililonse azikhala kwanu, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mpaka chaka chithe. Ine ndi mayi awo sitinapumepo chibadwire wachitatuyu."

"Chaka? Mwezi umodzi."

"Miyezi isanu ndi umodzi."

"Iwiri, ndipo wamng'onoyo azibwera ndi matewera ake, ine sindichapa."

"Inayi. Komanso musiye kuuza makasitomala anga kuti ndawameta mokhota."

"Itatu. Za makasitomala ndisiya akakhala kuti ali mkati muno. Ndikakumana nawo panja, pakamwa ndi panga."

"Chabwino, amayi. Tidzaonera awiriwo, lachitatu ndidzati likukana kutseguka. Zinthu za pakompyuta zimatero."

Tinagwirana chanza, ndipo ndinatuluka ndikudziona ngati ndagula bulangete pamtengo wa mpango.

Ndinayenda mpaka pokwerera basi, m'pamene ndinayamba kukayika. Ine ndakhala pamsika zaka zoposa makumi atatu. Wogulitsa akavomera msanga, katunduyo ndi wowola, apo ayi anagulitsidwa kale kwa wina. Munthu uyu ndamuuza chinthu chimene wakhala akuchidikira kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo sanadabwe, sanaseke, sanaombe m'manja. Anangopitiriza kutsuka makina. Chinanso, ndinagula chiyani kwenikweni? Kafulashi kali m'thumba mwake. Miyezi itatu ikatha adzati gawo lija latseguka, n'kufunanso ina itatu. Ndikanakalamba ndikulera ana a eni Loweruka lililonse chifukwa cha nkhanu.

Basi yopita kumsika inabwera, ndinaisiya. Ndinakwera yopita kugalaja.

Galaja ya Makutu ili kuseri kwa malo ogulitsira matayala, denga la malata, pansi pakuda ndi oyilo. Nditangolowa ndinaona galimoto imene ndimaidziwa bwino, yofiira, chitseko chimodzi chobiriwira. Ya mkamwini. Inali pamiyala, matayala onse anayi atachotsedwa, ndipo pansi pake panatuluka miyendo ya mwana wanga.

"Iwe, tuluka."

Anatsetsereka n'kutuluka, sipanala ili m'manja. "Amayi? Kwagwanji? Mwadwala?"

"Ndikadwala ndimapita kuchipatala, osati kugalaja. Khala pansi."

Anakhala patayala. Ine ndinakana mpando, zoterezi zimanenedwa choimirira.

"Gawo lomaliza la Nkhanu sindinaonere. Kunalibe windo la sitolo. Ndinazungulira msika, ndinabwera, ndinapeka. Mlamu wako ndiye amanena zoona, ndipo dzino lako linapita pachabe. Ndatha."

Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana sipanala. Mapewa ake anayamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira. Koma ankaseka, kuseka kosatulutsa mawu, mpaka anapukuta maso ndi mkono wa ovolosi n'kudzipaka oyilo pachipumi.

"Ukuseka chiyani? Ndanena zoseketsa?"

"Amayi, ndikudziwa."

"Wakuuza ndani? Wometa uja?"

"Palibe. Ndinazindikira ndili fomu thu. Ndinagona tsiku lina n'kumakumbukira mmene munafotokozera. Munati bambo aja atangomasulidwa anayang'ana ana awo n'kunena kuti, taonani zikhadabo zanuzo, kodi m'nkhanumo munalibe madzi? Ndiye munati pobwerera anawauza kuti aliyense wosiya mbale yosatsuka atsikira panjira. Amayi, ameneyo sanali bambo wa ku Japan. Ameneyo ndinkamudziwa."

Ndinakhala pampando umene ndinaukana uja.

"Ndipo nditagula foni yanga yoyamba ya intaneti ndinalifufuza, ndinaonera ndekha m'galimoto ya kasitomala. Nkhanu inamira, amayi. Ndinalira ngati mwana."

"Nanga zaka zonsezi umakanganirana chiyani ndi mlamu wako?"

"Ndikanati chiyani? Kuti amayi anga ananama? Pamaso pake? Anatenga kale mlongo wanga, atengenso ndi zimenezi?" Analoza galimoto ndi sipanala. "Dzulo ndinapita kukamupempha kuti gawo lomaliza lisaoneke, kuti musachite manyazi pamaso pa adzukulu. Tagwirizana kuti ndimukonzere mabuleki ndi zonse zam'munsizi ulere."

"Dzulo?"

"Dzulo m'mawa."

"Ine wanditenga Loweruka la miyezi itatu lero lomwe lino."

Tinayang'anana. Mbuzi imodzi wometa uja anaigulitsa kawiri, kwa mayi ndi mwana, ndipo mayiyo ndi ine, amene pamsika ponse amandithawa. Ndinamva ukali, koma pansi pa ukaliwo panali kaulemu pang'ono. Masaya sadzagona ndi njala.

Ndikanatha kulekera pomwepo. Mwana akuseka, ine ndapepukidwa. Koma ndinali nditatsegula kale thumba, ndipo sindikonda kubwerera kunyumba ndi katundu wotsala.

"Pali china. TV ija sanaiphe magetsi. Ndinaithira madzi ine, n'kuiyatsa isanaume."

Kuseka kunatha. Izi sankazidziwa. Anaika sipanala pansi bwinobwino, ngati ingasweke. Panja wina ankapopa tayala, makina akulira n'kusiya, akulira n'kusiya.

"Mpaka lero ndimazimitsa chilichonse kukhoma ndikamachoka m'nyumba," anatero. "Mkazi wanga amandiseka."

"Ndi khalidwe labwino, usasiye."

"Amayi."

"Ndamva. Ndikumvetsera."

"TV ndi ngozi, aliyense akhoza kutaya madzi. Bodza lija nalonso sindinakwiye nalo, munkafuna tidye. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi khoma lija. Nyimbo ikumveka apo, ife tili apa, chitseko chake masitepe atatu. Chifukwa cha chingwe cha zovala."

Ndinafuna kunena kuti chingwecho ndinagula ine, kuti mayi uja ankayanikapo mabulangete onyowa mpaka chinaduka. Mawu anafika pamilomo. Zonsezo n'zoona, koma kwa nthawi yoyamba m'moyo mwanga ndinaona kuti mtengo umene wanenedwa ndi woyenera, palibe chotsitsa.

"Pamenepo ndinalakwa," ndinatero. "Ndinakulakwirani nonse awiri. Pepa, mwana wanga."

Anandiyang'ana ngati galimoto yachilendo imene sanaitsegulepo. Kenaka anapumira m'mwamba, n'kudzikanda kuseri kwa khutu.

"Mawu amenewo mubwereze Lamulungu, Masaya amve nawo. Ndikamuuza ine sakhulupirira."

"Usandizolowere. Ndanena kamodzi."

"Kawiri, amayi. Tinalipo awiri kukhoma kuja."

Mwana ameneyu ndinamuphunzitsa ndekha, ndiye ndidandaulire ndani? Ndinavomera.

Anaitanitsa tiyi kwa mayi wogulitsa pageti, tinamwera m'makapu a galaja onunkha petulo. Ndinapepukidwa ngati ndatula mtolo wa ndowa kuchokera kudepoti. Tinagwirizana kuti gawo lomaliza lioneke, ndipo popeza katundu amene tinagula sitikumufunanso, malonda onse awiri afa. Ndinafunsa za galimoto.

"Mabuleki ndimaliza, mumakwera adzukulu anu," anatero Makutu. "Koma matayala adzabwezera yekha. Ndimubwereka jeke."

Lamulungu anabwera onse. Ndinatulutsa mipando ya kuchipinda, ana pansi pamkeka. Nyimbo itangoyamba, amuna awiri akuluakulu, wina wa imvi m'ndevu, anayamba kuimba mawu osamveka aja osaphonya ngakhale limodzi, Masaya akuwathandiza kumapeto. Adzukulu ankawayang'ana ngati apenga, ndipo wamkulu anafunsa chifukwa chake zithunzi zake zili zosaoneka bwino. Anauzidwa kuti atseke pakamwa.

Awiri oyambawo atatha, mkamwini anayamba sewero lake, kudinadina, kupukusa mutu. "Aa, ili likukana. Zinthu za pakompyutazi."

"Dinani bwino, bambo a ana," ndinatero. "Ine ndi mlamu wanu takambirana."

Chala chake chinaima m'malere. Anayang'ana ine, anayang'ana Makutu, ndipo anadziwa kuti Loweruka ake apita. Anadina.

Ndisanalole kuti liyambe ndinanena zimene ndinalonjeza, mwachidule, ndikuyang'ana Masaya. Iye anatsegula pakamwa, anatseka, n'kufunsa mchimwene wake ngati ndayezetsa magazi posachedwa. Kenaka anasendera n'kukhala pafupi nane, phewa lake kugunda langa, ngakhale malo analipo ambiri.

Nkhanu inamira. Inawakankhira ana aja pamwamba ndi dzanja lake lalikulu, iyo n'kumatsika pang'onopang'ono, magetsi a m'maso mwake akuzima. Pabalaza panali zii, kupatula mamina. Ine ndinati anthu a ku Japan alibe chisoni, kuonetsa ana zinthu zotere folo koloko masana, koma mawu anga anatuluka osalongosoka.

Makutu anaimirira, anapita kwa mlamu wake n'kumupatsa dzanja. "Inamira, alamu."

Mkamwini anakonza kolala, kuoneka kuti anali ndi mawu amene anawasunga kuyambira ali mwana. Masaya anamuuza kuti akayamba kulalikira ayenda wapansi, poti galimoto yawo inali ikadalibe matayala ndipo anabwera pa ya Makutu. Anakhala pansi.

Anabalalika dzuwa likadalipo. Makutu anatsalira, anabwezera mipando kuchipinda, kenaka ndinamupeza kukhitchini akudya zotsala choimirira, kuchokera mumphika momwe. Anatsegula mpopi wa pasinki, anatseka, anamvetsera kudontha kwake.

"Uwu wayamba liti?"

"Mwezi watha."

"Osanena bwanji? Ndibwera Lachitatu ndi rabala yake. Musaumange ndi nsanza, mumangouwononga."

Ndinamuuza kuti abwere m'mawa, masana ndimakhala kumsika.